Mpando Woyenda Wokha

1. Galimoto yobwera chokokedwa

Pagalaja ya amalume ake, mtsikanayo ankadziwika ndi dzina loti Kafyuzi. Anali wamfupi, wochepa thupi, ndiponso sankachedwa kupsa mtima. Amakanika anzake ankati chinthu chaching'ono chopsa msanga chotere ndi fyuzi basi, ndipo dzinalo linamukanirira. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu chiyambireni kuphunzira ntchito ya magetsi a galimoto, atangomaliza sukulu ya sekondale.

Lachiwiri lina m'mawa, Kafyuzi akusesa pafupi ndi geti, kunalowa lole yokoka magalimoto owonongeka. Kumbuyo kwake kunali galimoto yakuda, yaitali, ya mipando yachikopa, ija imati ikamadutsa anthu amasiya zokamba n'kuicheukira. Koma tsiku limenelo nyali yake yakumanzere inali itaphwanyika, bampala ili lende.

Kafyuzi anaimika tsache. Galimotoyo ankaidziwa. Masabata awiri m'mbuyomo inabwera pagalaja pomwepo chifukwa mpando wa dalaivala unasiya kuyenda. M'magalimoto apamwamba otere mpando sukankhidwa ndi manja. Umangodina batani la m'mbali, timamota ta pansi pake n'kuupititsa kutsogolo kapena kumbuyo. Nthawi imeneyo amalume anali atagonekedwa m'chipatala, ndiye amene anagwira ntchitoyo anali achimwene ake a Kafyuzi. Achimwenewo makasitomala ankawakonda chifukwa ntchito ya tsiku lathunthu ankaimaliza tiyi asanazizire.

Posakhalitsa panafika takisi. Munatsika mayi wovala magalasi, dokotala wa mafupa, amene anali mwini galimotoyo. Pambuyo pawo panatsika dalaivala wawo, bambo wamtali wa imvi, mlomo utatupa, akutsimphina.

"Bambo, ndabwera kuti mundiuze zoona," anatero adokotala kwa amalume, moni asanathe n'komwe. "Adalaivala angawa awomba mzati pageti la sukulu ya pulayimale m'mawa uno. Ana anali akuwoloka msewu. Pakanalakwika pang'ono chabe, bwenzi pano tikukamba za maliro. Ndikuwafunsa chachitika n'chiyani, akuti mpando unayenda wokha."

Makanika wina anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha anatsokomola n'kukhala chete.

"Abwana, ine sindikunama," anatero adalaivala. "Nditangodumpha hampu ya pasukulu paja, ndinangomva mpando ukundikankha. Batani sindinalikhudze. Mawondo anapanikizika, chifuwa chili pachiwongolero, phazi n'kukanika kuchoka pamoto kuti lipite pabuleki. Kutsogoloku ana ali piringupiringu. Ndinangokhotetsa n'kusankha mzati. Galimoto itaima ndinadina batani, mpando n'kubwerera bwinobwino ngati sunalakwe kanthu."

"Amene anaona akuti munali mutagona pachiwongolero," anatero adokotala. "Ena akuti mwina ndi mowa wa dzulo. Apolisi akufuna lipoti la makanika pofika 3 koloko masana ano. Mukapeza kuti mpando uli bwino, bambo, laisensi yawo ipita, ntchito ithera pomwepo, nkhani ikalowa m'khoti. Andiyendetsa zaka khumi ndi zinayi. Sindikudziwa kuti ndikhulupirire ziti."

2. Fungo la m'galimoto

Amalume anatsegula chitseko n'kudina batani. Mpando unapita kutsogolo mwaulemu. Anadinanso, unabwerera. Anaukweza, anautsitsa, anaupendeketsa msana. Zonse unachita ngati mwana womvera.

Adalaivala anangoti kukamwa yasa.

"Mwaona?" anatero achimwene ake a Kafyuzi akupukuta manja ndi kansanza. "Tsiku lija inangopsa ndi fyuzi. Ndinaikamo yatsopano, basi. Mpandowu ulibe vuto."

Kafyuzi anali atalowetsa mutu kuchitseko chakumbuyo. M'galimotomo munkanunkhira chikopa ndi mafuta onunkhira a adokotala. Koma pansi pa zonsezo panali kafungo kena.

"Malume, muno mukumveka fungo la pulasitiki wopserera," anatero.

"Iwe, mphuno zakozo zikanunkhize zakukhitchini," anatero achimwene mwanthabwala, ngakhale kuti nkhope yawo sinaseke nawo.

Amalume anawerama, n'kukoka mpweya kawiri. Kenako anapempha adokotala ndi adalaivala kuti akakhale mu ofesi. Anatumanso achimwene kukaona mawaya a nyali yophwanyika ija. Atatero anamukodola Kafyuzi.

"Manja ako ndi ang'ono, alowa pansi pa mpando pamene anga sangafike," anatero. "Koma tamvera, mwana wa mlongo wanga. Matenda a magetsi ali ngati dzino, limasiya kupweteka ukangofika pakhomo la chipatala. Usanyengeke poona kuti mpando ukuyenda bwino. Uyambe wachotsa waya wa kubatire, udikire kanthawi. Pansi pa mpandopo upezapo pulagi yachikasu. Imeneyo ndi ya thumba la mpweya lija limaphulika pangozi. Usaigunde ndi mita yoyezera magetsi, usaigunde ndi china chilichonse. Ine ndinaonapo munthu atathyoka chibwano chifukwa cha pulagi imeneyo, ndipo khutu lake limodzi silimva mpaka lero."

Kafyuzi anagwedeza mutu.

"Kenako utsatire moto kuchokera kumene umayambira. Fyuzi kaye, kenako waya, kenako swichi, mota pamapeto. Usadumphe chilichonse. Mphuno yanunkhiza, tsopano maso aone, mita idzatsimikize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo chimene upeze udzandiuze monga chilili, kaya n'chokoma kaya n'chowawa. Wakuba amabera munthu amene wamuona. Makanika wonama amapha anthu amene sanawaonepo ngakhale nkhope."

3. Zimene tochi inaonetsa

Kafyuzi anamasula waya wa kubatire, anadikira, n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi kamene kanali pambali pa chiwongolero. Papepala la kuchivundikiro anapeza pamene panali fyuzi ya mpando. Anaizula ndi kapulayala n'kuiunika ndi tochi.



Fyuziyo sinali yatsopano. Kachitsulo ka m'kati mwake kanali kataduka kalekale, pulasitiki wake atada ndi kutentha. Koma kumiyendo yake munthu wina anakulungako tingwe ta mkuwa, kuzunguliza kasanu, mwaluso ndithu, kuti moto uzidutsabe ngakhale fyuzi inafa.

Anaiika m'thumba la ovolosi n'kugona chammbali pakapeti. Analowetsa tochi ndi kagalasi pansi pa mpando. Pulagi yachikasu anaiona, n'kuilambalala. Kenako anaona mtolo wa mawaya umene unayenera kupanidwa m'mwamba ndi kopanira kapulasitiki. Kopanirako kanali katathyoka, mtolowo utagwera panjanji imene mpando umayendapo. Njanjiyo inali itautafuna. Mawaya atatu anali atasungunukira pamodzi n'kupanga chibuma chakuda, ndipo kapeti ya pansi pake inali itapsa malo aakulu ngati chikhatho cha munthu.

"Mayo ine," ananong'ona.

Anatenga mita. Nsonga imodzi anaigunditsa pawaya wofiira wobweretsa moto, inayo pawaya wa mota yokankhira mpando kutsogolo. Mita inali zii. Ndiye anatsamira pampando ndi chigongono, n'kuukanikiza ndi thupi lake lonse.

Mita inalira.

Anasiya, inakhala chete. Anakanikizanso, inaliranso. Mawaya awiri amene sanayenera kukumana ankagundana nthawi iliyonse mpando ukalemedwa mwadzidzidzi. Munthu wamtali ngati adalaivala aja akadumpha hampu, moto unkapita ku mota osadzera kubatani.

Bambo aja sananame ngakhale liwu limodzi.

4. Fyuzi ziwiri

Kuwala kwa pachitseko kunatsekeka. Kafyuzi atatukula mutu anaona achimwene atanjuta pambali pake. Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo. M'dzanja mwawo munali fyuzi yatsopano, yobiriwira, yonyezimira.

"Ndipatse imene wazulayo," anatero motsitsa mawu. "Tenga iyi."

"Achimwene, ndinu munachita zimenezi?"

"Usakweze mawu. Ndipatse."

"Ndakufunsani, ndinu?"

Achimwene anayang'ana kuofesi, kenako pansi. "Ndinaika fyuzi zitatu, zonse zinapsa ndisanatseke n'chitseko chomwe. Munthu anali akudikira galimoto. Ndinati ndidzaiona bwino ikadzabweranso. Sindinaganize kuti zifika apa."

"Pansipa papsa, achimwene. Galimotoyi ikanayaka. Ana aja..."

"Palibe wafa! Tamvera, mlongo wanga. Amalume akapita kukadya, tidula pamenepo, tilumikiza bwinobwino, tiika fyuzi iyi. Galimoto ikhala yabwino kuposa kale. Iwe ungonena kuti fungo lija ndi la kapepala kamene kanagwera pa mota. Walakwira ndani pamenepo?"

"Nanga adalaivala?"

"Ndi akuluakulu, apeza pena pogwira. Ine amalume akadziwa andithamangitsa, ndipo palibe galaja idzandilandire. Ndani anakuchondererera kuti ulowe muno pamene onse ankati iyi si ntchito ya atsikana? Ndani anakuphunzitsa kugwira mita imene ili m'manja mwakoyo? Chibale ndi fupa, sichiola. Ukufuna amayi amve kuti mwana wawo wagwetsedwa ndi mlongo wake?"

Zonse zimene ananenazo zinali zoona. Anali achimwene omwewa amene ankamuperekeza kusukulu ali wamng'ono, amene anamugulira nsapato zogwirira ntchito zimene anavala tsiku limenelo.

Kafyuzi anadzuka. Kudzera pawindo la ofesi anaona adalaivala atakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili pamawondo, akuchitembenuza uku ndi uku. Kapu ya madzi imene anapatsidwa inali chikhalire pansi, yosakhudzidwa.

Pagalaja ponse ankadziwa kuti Kafyuzi akapsa mtima amamveka mpaka kumsewu. Koma tsiku limenelo mawu ake anatuluka aang'ono kwambiri.

"Pitani mukanene nokha, achimwene. Ndikupatsani mpata. Mukanena nokha zikhala bwinoko."

Achimwene anapukusa mutu n'kutambasula dzanja kulunjika kuthumba la ovolosi. Kafyuzi anabwerera m'mbuyo.

"Kafyuzi!" anaitana amalume ali pakhomo la ofesi. "Nthawi ikutha. Wapezapo kanthu?"

Mtsikanayo anayang'ana achimwene ake komaliza. Iwo sanasunthe. Anapisa dzanja m'thumba, anafumbata fyuzi yakufa ija, n'kuyamba kuyenda.

5. Onse aona ndi maso

Fyuziyo anaiika patebulo la amalume, pakati pa mabuku ndi makiyi. Kenako anafotokoza zonse motsatana: kopanira kothyoka, waya wotafunidwa ndi njanji, kapeti yopsa, ndi kulira kwa mita.

Amalume ananyamula fyuziyo n'kuiyandikiza kumaso. Nkhope yawo inasintha.

"Anakulunga izi ndani?" anafunsa adokotala.

Kafyuzi anawayang'ana m'maso. "Achimwene anga, mayi. Andiuza okha."



"Tiyeni kugalimoto," anatero amalume. "Nkhani yotere siyofunika kuimva ndi makutu okha."

Amalume anaika fyuzi yatsopano. Anauza makanika wina kuti aime pafupi ndi chozimitsira moto. Kafyuzi anabwezera waya wa kubatire n'kutsala pomwepo, sipanala ili m'manja, kuti akangomva kukuwa auchotse. Amalume anakhala pampando n'kukweza manja onse m'mwamba kuti aliyense aone kuti sakukhudza batani. Anadzinyamula pang'ono n'kudzigwetsa pampando ngati galimoto yadumpha hampu.

Mpando unalira n'kuyamba kuyenda.

Adokotala anakuwa. Amakanika anabwerera m'mbuyo. Mpando unkapitabe, mawondo a amalume n'kufika pachiwongolero. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono, thwa! Mpando unaima pomwepo. Fyuzi yatsopano ija inali itapsa.

Adalaivala anakhala pansi, pasimenti ya oyilo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka. Adokotala anavula magalasi, anagwada pambali pawo osasamala za diresi, n'kuwagwira dzanja.

"Bambo, ndikhululukireni," anatero. "Zaka zonsezi simunandinamizepo, koma ine ndamvera anthu a mumsewu."

Amalume anatsika movutikira n'kuitana achimwene. Iwo anabwera ali zyoli.

"Wamva kaphokoso kaja?" anafunsa amalume. "Kameneko ndiko kakanapulumutsa bambo awa m'mawa uno. Fyuzi ndi mlonda. Anaipanga yofooka dala, kuti moto ukalowera kolakwika ipse iyoyo, anthu ndi galimoto atsale. Ikapsa imakhala ikukuwa kuti m'nyumba mwalowa wakuba. Alonda atatu anakukuwira, mmodzimmodzi. Iwe m'malo mosaka wakubayo, unamanga mlonda pakamwa n'kuuza eni nyumba kuti agone mtendere. Waya unapitiriza kutentha masabata awiri, pansi pa munthu wamoyo."

"Ndinachita manyazi, malume," anatero achimwene. "Anzanga onse ankandiyang'ana. Sindinafune kunena kuti zandikanika."

"Mawu oti zandikanika sanaphepo munthu chiyambire. Ine ndili ndi imvi, koma mwezi uliwonse ndimawanena. Kuthamanga sikufika, mwana iwe. Anthu anakutama kuti uli ndi changu, iwe n'kuyamba kugwirira ntchito kutamidwako m'malo mogwirira galimoto. Ukanauza adalaivala kuti abwere mawa, akanadandaula tsiku limodzi. Taona lero. Ndipo chandiwawa koposa si mkuwa unakulungawo ayi. N'chakuti unaima apa m'mawa uno, ukuona bambo wosalakwa akumira, iwe n'kumapukuta manja."

Kenako anatembenukira kwa adokotala. "Mayi, cholakwachi n'cha galaja yanga. M'lipoti ndilemba momwemo, ndipo ndisaina ndi dzanja langa."

6. Funso lomaliza

Ntchito yokonza inatenga maola awiri. Anachotsanso waya wa kubatire, anamasula mabawuti anayi a mpando n'kuupendeketsa chagada. Kafyuzi anadula mbali yonse yopsa, analumikiza mawaya atsopano onenepa mofanana ndi akale, anawotcherera ndi mtovu, n'kuveka mfundo iliyonse kapaipi kokhwinyata ndi kutentha. Mtolo wonse anaupana m'mwamba, kutali ndi njanji. Mfundo ina anachita kuibwereza kawiri. Amalume anaima pambali akuyang'anitsitsa.

Atamaliza anaika fyuzi ina. Amalume anadzigwetsa pampando kakhumi konse. Mpando sunasunthe mpaka atadina batani.

Nthawi itangopitirira 2 koloko, adokotala ndi adalaivala ananyamuka kupita kupolisi, lipoti lili mu envulopu pamodzi ndi fyuzi ya mkuwa ija ndi chibuma cha mawaya opsa. Pageti adalaivala anabwerera, anagwira dzanja la Kafyuzi ndi manja awo onse awiri. Anangogwedeza mutu n'kumapita.

Nthawi yonseyo achimwene anali atakhala patayala lakale kuseri kwa galaja. Kafyuzi anawapititsira madzi. Sanalandire, ndipo sanamuyang'ane.

Amalume anafika n'kuima patsogolo pawo.

"Za ntchito yako tikamba madzulo, amayi ako alipo," anatero. "Panopa ndili ndi funso limodzi, ndipo undiyankhe zoona. Ndinakhala m'chipatala masiku khumi. Galimoto imene unaichita zimenezi ndi iyi yokha?"

Achimwene anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa iwe!"

"Ilipo ina imodzi," anatero chapansipansi.

"Iti?"

"Basi yoyera ija, ya sukulu ya atsikana. Inkangothima mumsewu. Fyuzi ya pampu ya mafuta inkapsapsa."

Amalume anagwira khoma. "Pampu ya mafuta? Waya wake amadutsa pamwamba pa thanki, iwe!"

Kapu inagwa m'manja mwa Kafyuzi.

"Achimwene, basi imeneyo ndi imene yanyamula timu ya mpira wamanja m'mawa uno. Apita kumpikisano, ulendo wa tsiku lonse. Mng'ono wanga, chitsirizira wathu, ali momwemo. Ndamunyamulira chikwama ndekha mpaka pageti la sukulu."

Achimwene anadzambatuka patayala paja, maso ali tong'o. "Ayi! Si amati apita Lachisanu?"

Amalume anali atatulutsa kale foni. Anafufuza nambala ya dalaivala wa basiyo. Anaimba, foni n'kuitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

"Kafyuzi, tenga bokosi la mafyuzi ndi chozimitsira moto, uponye m'galimoto yanga. Iwe, tenga makiyi, liza injini!" anatero amalume akuloza achimwene.

Kachitatu foni inayankhidwa. Amalume anaikweza mawu kuti onse amve. Koma woyankhayo sanali dalaivala wa basi. Anali mphunzitsi wamkazi, akupuma mwabefu, ndipo kumbuyo kwake kunkamveka ana akutsokomola ndi kukuwa.

"Ndinu a kugalaja? Bambo, tithandizeni! Adalaivala atsika ndi botolo la madzi, akuti pansi pakutuluka utsi. Muno mwayamba kudzaza, ndipo chitseko chakumbuyo chikukana kutse..."

Foni inaduka.